Mayi Wopanda Pogona ndi Kachirombo ka HIV



Lero tikambe za amayi amene amagona m'makonde a masitolo, kumadepoti a basi monga Wenela, ndi m'misasa. Ena ndi amasiye amene achibale a mwamuna anawalanda nyumba. Ena anathawa nkhanza za m'banja. Enanso anasowa pokhala pamene namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba m'chaka cha 2023, n'kusiya anthu oposa 500,000 pamtetete.

Kafukufuku wa dziko lonse wa 2020 mpaka 2021 anapeza kuti mwa amayi 100 aliwonse, pafupifupi 10 ali ndi kachirombo, pamene mwa abambo ndi 7. Mayi wopanda khomo lotseka ndiye ali pamoto weniweni. Usiku ukafika, mlonda kapena dalaivala amamupatsa malo ogona, koma mtengo wake ndi thupi lake. Wopempha pogona sangakakamize mwamuna kubvala kondomu. Kumuuza kuti adziletse osamupatsa pogona ndi kumuseka.

Tsono tichite chiyani? Choyamba, amayiwa adziwe zimene zilipo kale. Mayi akagwiriridwa, athamangire kuchipatala asanathe maola 72. Kumeneko amalandira PEP, mankhwala akumwa masiku 28 otchinga kachirombo kasanakhazikike m'thupi. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli One Stop Centre kumene adokotala ndi apolisi amathandizira pamalo amodzi. Palinso PrEP, mankhwala amene munthu wopanda kachirombo amamwa kuti asatenge, ndipo mayi safunika kupempha chilolezo kwa mwamuna. Amene ali nako kale, ma ARV akhala aulere m'zipatala za boma kuyambira 2004. Wowamwa mokhulupirika mpaka kachirombo kosaonekanso m'magazi sapatsira mnzake pogonana.

Bvuto ndi lakuti wogona panja amabedwa thumba, buku lake lakuchipatala limanyowa, ndipo mankhwala kumwera njala n'kobvuta. Azaumoyo asamubweze chifukwa chosowa buku kapena adiresi.

Chachiwiri, malamulo agwire ntchito. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu wa mayi wofedwa ndi mlandu. Mu 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti ndime ina ya lamulo la vakabu ikusemphana ndi malamulo oyendetsera dziko. Mayi woopa kumangidwa chifukwa chogona panja sangakanene kupolisi kuti wagwiriridwa.

Chachitatu chili kwa ife am'tauni. Mipingo, makhonsolo ndi inu eni nyumba, chipinda chimodzi chokhala ndi loko, madzi ndi mayi woyang'anira chimachotsa chifukwa chogulitsira thupi pofuna tulo. Funsani khansala wa dera lanu kuti amayiwa amagona kuti, ndipo mukafunsenso mwezi wamawa.