Tigule risiva kapena DVD yathu yomweyi itikwanira?

 Inu amene simunabwere Loweruka, mawu anga ndi awa, ndangowawongola pang'ono kuti awerengeke.

Nkhani mukuidziwa. Tinagwirizana kuti mwezi uliwonse tizikhala ndi madzulo a kanema, koma ndalama zimene tasonkha si zambiri. Ena akuti tizithire zonse pa risiva. Ena akuti ayi, ampu tili nayo kale, masipika ndi wufa zilipo, tingolumikiza DVD ku ampu basi. Ine ndili mbali yachiwiriyi, koma ndimveni mpaka kumapeto, chifukwa njira imeneyi inandiwotchetsapo sipika ya eni ake.

Tiyambe ndi risiva. Chibokosi chimenechi chimagwira ntchito zinayi. Chimasankha kumene mawu akuchokera, kaya ndi ku DVD, ku dikoda kapena ku gemu. Chimamasula mawu a Dolby Digital kapena DTS amene ali pa chimbale n'kuwagawa panjira zisanu ndi imodzi: kumanzere, kumanja, pakati, ziwiri zakumbuyo, ndi ya wufa. Ndiyo 5.1 imene mumaiona pa makatoni ija. Chimakweza ndi kutsitsa voliyumu. Pomaliza chimapereka mphamvu yokankha masipika. Anthu a ndalama zawo amagawa ntchitozi pawiri: zitatu zoyambazo amazipatsa bokosi lotchedwa preamp processor, yachinayiyo amaisiyira ampu yongopereka mphamvu. Ndiye funso lathu kwenikweni ndi lakuti: kodi makina oseweretsa chimbale angagwire ntchito zitatu zija?

Tembenuzani DVD yanu muone kumbuyo. Mukapeza timabowo tiwiri tokha ta mawu, kofiira ndi koyera, makinawo amasakaniza zonse kukhala kumanzere ndi kumanja, nkhani ya 5.1 yathera pomwepo. Koma mukapeza timabowo tisanu ndi kamodzi tolembedwa FL, FR, C, SL, SR ndi SW, ndiye kuti ntchito yomasula ndi kugawa mawu ikuchitika m'kati momwemo. Yathu ya kalabu ili nato. Ngatinso limoti yake ili ndi mabatani a voliyumu amene amatsitsadi mawu otuluka pa timabowoti, ntchito ziwiri mwa zitatu zatheka.

Maganizowa sanayambe ndi ife. Amene anawatchukitsa ndi anthu okonda makina a Oppo Digital, kampani ya ku California. Dzinali mumaliona pa mafoni. Mu 2012 anatulutsa makina a Blu-ray otchedwa BDP-105, pa mtengo wa madola 1,199. Chachilendo chake chinali chakuti sankangotulutsa mawu ndi chithunzi, ankalandiranso. Anali ndi polowetsera HDMI pawiri, polowetsera optical, coaxial ndi USB yochokera ku kompyuta. Kotulukira kunali njira za 7.1, ndi voliyumu ya pa limoti kuyambira 0 mpaka 100. Anthu ataona zimenezi anati, nanga risiva ndi yachiyani? Dikoda ilowe mu Oppo, Oppo ipite ku ampu, zatha. Mu 2017 kunabwera UDP-205 yoseweretsa zimbale za 4K, kenako mu 2018 kampaniyo inalengeza kuti yasiya kupanga makina a zimbale. Lero mungawapeze ogwiritsidwapo kale ntchito okha, ndipo ena amagulitsidwa mokwera kuposa mmene ankagulitsidwira ali atsopano. Sindikunena kuti tigule Oppo, msandiyang'ane choncho a msungichuma. Ndaitchula chifukwa ndi yomwe inafika patali kwambiri pa njira imeneyi, ndipo ngakhale iyo ili ndi pamene imalekezera.

Ilibe polowetsera mawu a analogi, ndiye maiki kapena mikisa simungazidutsitse m'menemo. Ilibe kamaiki koyezera chipinda ngati mmene marisiva a Denon ndi Marantz amachitira ndi Audyssey, kapena a Yamaha ndi YPAO. Simasulanso Dolby Atmos pa timabowo take ta analogi. Za Atmos zisatisowetse tulo, holo yathu ya malata ija sitingapachike masipika kudenga. Koma za maiki zikutikhudza, chifukwa a Tcheyamani amalengeza filimu isanayambe.

Tsopano ndifike pa voliyumu, pamene pagona nkhani yonse.

Pa risiva kapena pa wailesi, kapukusi ka voliyumu kamakhala ngati mlonda pakati pa nyimbo ndi masipika. Mukachotsa risiva, mlondayo mwamuchotsa. Makina a chimbale akatsegula zonse amatulutsa pafupifupi mavolti awiri, ndipo kwa ampu zambiri zimenezo n'zokwanira kuti zikankhe ndi mphamvu zawo zonse. Chotsalira chokutetezani ndi nambala chabe imene makinawo akuikumbukira. Akaiwala, mwapsa.

Ine zinandichitikira kwa amalume anga. Ndinalumikiza DVD yotchipa ku ampu yawo, ndinatsegula mapukusi a ampu mpaka kumapeto, voliyumu ndikuyendetsa ndi limoti ya DVD. Sabata yathunthu zinayenda bwino, mpaka ndinayamba kudzitama. Tsiku lina magetsi anazima filimu ili pakati. Palibe anaganiza zozimitsa ampu. Atabwera magetsi, DVD inadzuka voliyumu yake itabwerera pamwamba penipeni, mwana wina n'kudina play. Phokoso lake agalu a m'mudzi monse anauwa. Sipika yakumanzere kuchokera tsiku limenelo inkangomveka ngati munthu akulankhula kukamwa atatsekera ndi bulangete: katwita kanapsa. Amalume sanakalipe. Anangoti, "Mphwanga, ukadziwa kumene amagulitsa, undiuze." Ndinalipira miyezi iwiri.

Ngakhale pa makina odula vutoli lilipo mwa mtundu wina. Pa Oppo pali posankha kuti voliyumu ikhale Variable kapena Fixed. Wina akasankha Fixed mosadziwa, limoti siyitsitsanso kanthu, mawu amatuluka onse.

Mankhwala ake ndi osavuta, ndipo ndikupempha kuti akhale lamulo la kalabu. Malire aikidwe pa ampu, osati pa DVD. Tsitsani mapukusi a ampu mpaka pansi, kwezani voliyumu ya DVD mpaka pamwamba, ikani filimu ya phokoso, kenako kwezani mapukusi a ampu pang'onopang'ono mpaka pamene holo yadzaza koma masipika sakulira mokakamizika. Pamenepo matani tepi, wina asakhudzenso. Kuyambira apo limoti ya DVD izingotsitsa. Ngakhale makinawo ataiwala nambala yawo, choipa kwambiri chimene chingachitike ndi phokoso limene tinaliyeza kale. Njirayi ili ndi phindu linanso. Voliyumu ya m'makina otere ndi ya masamu, ndipo pa otchipa mukaitsitsa kwambiri mawu amataya ubwino wake pamene kaphokoso ka "sss" kakhala pomwepo. Ikamagwira ntchito chakumtunda, vutolo limachepa.

Lamulo lachiwiri: ampu iziyatsidwa pomaliza, izizimitsidwa poyamba. Magetsi akazima, woyamba kuimirira athamangire ku ampu, osati ku foni yake.

Chinanso chimene tisadzinamize nacho. Njira zisanu ndi imodzi zimafuna ampu ya njira iliyonse. Ife tili ndi ampu imodzi ya njira ziwiri ndi wufa yokhala ndi ampu yakeyake. Ndiye chimene tingapeze panopa ndi 2.1, osati 5.1. Si zoipa ayi, bola tiwauze makinawo zoona. Lowani mu Speaker Setup. Sipika yapakati ndi zakumbuyo muziike pa Off, kuti mawu a anthu olankhula apite kumanzere ndi kumanja. Mukaiwala zimenezi mudzamva mfuti ndi magalimoto koma osamva zimene akunena, chifukwa zolankhula zambiri za m'filimu zimadutsa njira yapakati. Masipika akutsogolo muwaike pa Small ngakhale akuoneka akuluakulu, kuti bezi yolemera ipite ku wufa. Ngati pali posankha nambala, yambani ndi 80 Hz. Tikadzapeza masipika akumbuyo tidzafunika tepi yoyezera, chifukwa mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, ndipo makinawo amafuna kudziwa kutalika kwa sipika iliyonse kuti onse afike pakhutu nthawi imodzi.

Ntchito yachitatu ija, yosankha kumene mawu akuchokera, DVD yathu singaithe. Ilibe polowetsera chilichonse kupatula fulashi. Tsiku la mpira, dikoda iyenera kupita ku ampu payokha, ndipo kuzula ndi kulumikiza mawaya ampu ili yoyaka ndi njira ina yowotchera masipika. N'chifukwa chake ndikuti m'malo mwa risiva tigule kamikisa kakang'ono. DVD, dikoda ndi maiki zonse zilowe m'menemo, waya wa SW wokha upite ku wufa. Ndikuvomereza, pamenepo DVD yatsala ndi ntchito yomasula mawu basi, ndipo voliyumu ya filimu tiziyendetsabe pa limoti kuti wufa ndi masipika zizitsikira limodzi.

Inu amene muli ndi abale kunja ndipo mwayamba kale kuwalembera, chenjerani ndi ziwiri. Kuno magetsi ndi mavolti 230, ku America ndi 120, ndiye werengani kumbuyo kwa chipangizo musanachilowetse pa soketi. Komanso zimbale zili ndi zigawo: DVD za ku America ndi chigawo 1, za ku South Africa ndi ku Britain ndi chigawo 2, ndipo si makina onse amene amawerenga zonse.

Pempho langa kwa komiti ndi lakuti tisavote lero. Loweruka likudzali tikumane 2 koloko masana, tilumikize zimene tili nazo, tiike filimu imodzi, ena akhale kutsogolo ena kumbuyo kwenikweni, ndipo akumbuyowo atiuze ngati akumva zolankhula. Akati sakumva, ine ndidzakhala woyamba kukweza dzanja kuti tisungire risiva. Ndibweretsa mawaya ndi tepi. Amene ali ndi kiyi wa holo asachedwe.