Majasidi ndi Adani Ena a Tiyi: Kudziŵa Kachilombo ndi Dzina Lake

Munthu akagwedeza nthambi ya mango kapena udzu wa m'mphepete mwa munda wa tiyi ku Khonjeni, pamadumpha tizilombo tobiriŵira totalika ngati mamilimita 3. Alimi a thonje a ku Chigwa cha Shire amatitcha majasidi. Akatswiri amatiika m'banja la Cicadellidae, limene lili ndi mitundu yoposa 20,000 padziko lonse lapansi, ina yokhala m'mitengo, ina m'maudzu.

Kuzindikira banjali sikuvuta. Jasidi ali ndi thupi longa mphero, ndipo akadzidzimuka amayenda chammbali ngati nkhanu asanadumphe. Pa miyendo yake yakumbuyo pali mizere ya timinga. Kamwa lake ndi kasingano koyamwira madzi a mmera.

Chovuta ndi kutchula mtundu weniweni. Majasidi ambiri amafanana ngati mapasa, kotero kuti katswiri amatenga wamwamuna, naona ziŵalo zake zoberekera pa makina okuzira zinthu, pakuti mpamene pagona kusiyana. Ku China, jasidi woononga tiyi anatchedwa Empoasca vitis kwa zaka zambiri, kufikira mu 1915 kuonjezapo zaka zana, ndiye kuti mu 2015, pamene ofufuza anaonetsa kuti ndi Empoasca onukii, amene amadziŵika kale m'minda ya tiyi ya ku Japan.

Kwa mlimi wa ku Thyolo, nkhani yaikulu ili pa kusasokoneza jasidi ndi Helopeltis, mdani wotchuka wa tiyi m'Malaŵi muno. Ameneyu si wa m'banja la majasidi konse. Ndi wamkulupo, wofiirira, wa miyendo ndi tinyanga titalitali, ndipo pamsana pake paima kanthu konga phini. Akaboola tsamba lanthete amasiya maŵanga akuda, nsonga yothyola ija nipinimbira. Amagwiranso gwafa, mapeyala ndi thonje. Jasidi sasiya maŵanga otere. Tsamba limene wayamwa limapindika ndi kusanduka lachikasu kuyambira m'mphepete.

Kugula mankhwala chifukwa choona tizilombo tikudumpha ndi kutaya ndalama, ndipo kaŵirikaŵiri kumapha akangaude amene amadya adaniwo. Mlimi wokayika aike kachilomboko m'kabotolo ka sipiriti, alembe tsiku ndi mmera umene wakapezapo, napereke kwa mlangizi, amene angathe kukatumiza kwa ofufuza za tiyi ku Mimosa, m'boma la Mulanje.