Tisanakwiye ndi MOQ ya zoluka pamanja, tifunse kumene ikuchokera

 Uthengawu ndi wautali, ndiye muumvere mutakhala pansi. Ndikufuna ndiyankhulepo pa nkhani imene yatentha pagulu pano sabata ino, ya anzathu amene akufuna kuoda zoluka pamanja ku mafakitale a ku China, zidole, zikwama, zipewa, tinsapato ta makanda, zopangidwa m'maonekedwe amene iwo asankha. Akafunsa pa Alibaba akuuzidwa kuti MOQ, chiwerengero chimene fakitale singatsike nacho, ndi zinthu 100, pena 300 pa mtundu umodzi. Ambiri mwakhumudwa, mukuti amenewa akungofuna a mpamba waukulu, ife ang'onoang'ono atitsekera khomo. Maganizo anga ndi akuti chiwerengero chimenechi si nkhanza. Chili ndi zifukwa zowerengeka, ndipo munthu akazidziwa amadziwanso poti angachigwedeze ndi poti sangachigwedeze.

Poyamba tigwirizane chinthu chimodzi. Crochet yeniyeni, yoluka ndi kasingano kangowe kaja, palibe makina a m'fakitale amene amaipanga. Majuzi ndi masokosi makina amaluka, ndipo alipo ena opanga nsalu yongofanana ndi crochet, koma kadole kozungulira kaja kotchedwa amigurumi, kapena chikwama cha tizigamba tolumikiza, chilichonse chadutsa m'zala za munthu, mfundo ndi mfundo. Apa ndi pamene wina wafunsa funso lanzeru: ngati palibe makina oti ayatsidwe, bwanji osangondilukira khumi? Munthu woluka khumi ndi woluka 300 si amaluka chimodzichimodzi basi? Funsoli ndi loona mbali imodzi, chifukwa nthawi yolukira chidole chimodzi siitsika kwambiri ngakhale muode zambiri, ndipo n'chifukwa chake mtengo wa zoluka pamanja sugwa pansi monga umagwera wa mabeseni apulasitiki. Koma ndalama zambiri zimatuluka kasingano kasanakhudze ulusi n'komwe.

Taganizirani ulusi. Mukanena kuti ndikufuna mtundu wobiriwira uwu osati uwo, amene mukukambirana nayeyo sanyika yekha ulusi, amapita kwa onyika, ndipo onyikawo ali ndi makilogalamu awo amene sangayatsire moto ngati sanakwane. Komanso ulusi wonyikidwa lero ndi wonyikidwa mwezi wamawa sufanana ndendende ngakhale dzina la mtundu likhale limodzi. N'chifukwa chake pa kapepala ka mpukutu wa wulu pamalembedwa nambala ya gulu limene unanyikidwira limodzi, amayi oluka majuzi akudziwa zimenezi. Ndiye ulusi wonse wa oda yanu uyenera kugulidwa kamodzi, ndipo wotsala palibe wina adzaufune. Kenako pali patani. Chithunzi chimene mwatumiza pa WhatsApp si patani, pafunika katswiri akhale pansi, awerenge mfundo, alembe mzere ndi mzere, aluke sampulo, inu muikane kuti makutu akula, alukenso. Pambuyo pake patani ija ipite kwa oluka. Nthawi zambiri chimene timachitcha fakitale pa ntchito imeneyi ndi ofesi imene imagawa ulusi kwa amayi oluka kunyumba kwawo, amene amalipidwa pa chinthu chilichonse chimene amaliza. Mayi aliyense ayenera kuphunzira pataniyo, zoyamba zimatuluka zina zothina zina zomasuka, ndipo pafunika munthu woziyendera kuti zifanane. Kaleba kosokerera dzina la bizinesi yanu nakonso kamasindikizidwa kwina kumene ali ndi chiwerengero chawo. MOQ imene mwaionayo ndi ma MOQ a anthu ena atatu kapena anayi ataunjikana.

Tiyerekeze ndi masamu ongopeka kuti zimveke. Tinene kuti patani, sampulo, kunyika ulusi ndi maleba zonse zakwana madola 300. Mukaoda zidole 20, chilichonse chasenza madola 15 chisanalukidwe. Mukaoda 300, chilichonse chasenza dola imodzi. Wogulitsa uja akakukanizani 20, nthawi zina akungokupulumutsani ku mtengo umene simukanatha kugulitsira pamsika uliwonse.

Ndipo ngakhale iye atalola, njira yobweretsera katundu ili ndi malire akenso. Zidole zoluka n'zopepuka koma zimadya malo, ndipo makampani onyamula pandege monga DHL amawerengera kukula kwa katoni: kutalika, mulifupi ndi msinkhu m'masentimita, kuchulukitsa, kenako kugawa ndi 5000. Katoni ya masentimita 50 mbali zonse imalipitsidwa ngati makilogalamu 25 ngakhale pasikelo ikhale 8. Pasitima yapamadzi, mukabwereka malo m'kontena ya ena, kawirikawiri amayambira pa cubic metre imodzi, ndipo wokuombolerani katundu padoko la Durban salipiritsa theka chifukwa choti makatoni anu ndi awiri okha. Kuno ku South Africa zovala zambiri zochokera kunja zimalipira msonkho wa 45 peresenti, kuwonjezapo VAT ya 15 peresenti. Zidole ndi zikwama zili pa mizere ina ya msonkho, choncho funsani musanalipire. Inu a ku UK muli ndi chinanso. Chidole chogulitsira ana chiyenera kukwaniritsa muyezo wa EN 71 ndi kukhala ndi chizindikiro cha UKCA kapena CE, kutanthauza kuyesa ngati timaso tapulasitiki tija sitizuka, ngati ulusi sugwira moto msanga, ngati utoto ulibe zoipa. Kuyesako mtengo wake ndi womwewo, kaya zidole ndi 20 kaya 500. Choncho oda yaing'ono imalangidwa kawiri, kufakitale ndi panjira.

Ndiye kodi tingogonja? Ayi. Koma pokambirana tizichotsa zimene zakweza chiwerengero, osangokakamira kuti tsitsani. Funso loyamba likhale lakuti MOQ imeneyi ndi ya oda yonse, ya patani imodzi, kapena ya mtundu umodzi wa ulusi. Anthu ambiri amapsa pamenepa, amva 100, akuganiza kuti asakaniza mitundu isanu, kumapeto auzidwa kuti ndi 100 pa mtundu uliwonse. Mukasankha pa mitundu ya ulusi imene ali nayo kale m'nyumba yosungira katundu, nkhani ya onyika yatha. Mukatenga patani imene oluka awo akuidziwa kale n'kungosinthapo kansalu ka pakhosi kapena leba, nkhani ya kuphunzitsa yatha. Mukavomera kulipira mtengo wokwererapo pa oda yoyesera, ambiri amamva, chifukwa mwasonyeza kuti mukudziwa kumene ndalama zawo zikupita. Sampulo lipirani osanyinyirika, ndipo pemphani kuti ndalamayo idzachotsedwe pa oda yaikulu. Musaiwalenso kalendala: Chaka Chatsopano cha ku China chimagwa mu Januwale kapena Febuluwale, ntchito zimaima milungu ingapo, ndipo manja sathamangitsidwa ngati makina.

Tsopano pali amene anena kuti, koma ine ndapeza wina akulola zinthu khumi, m'maonekedwe anga, pa mtengo wotsika zedi. Apa ndikupemphani muime kaye. Mwina akugulitsani zimene zili kale pashelefu ndipo adzangomata dzina lanu, zimenezo si zoipa bola anene zoona. Mwina ndi nsalu ya makina yongofanana ndi crochet, ndipo inu mudzanamiza makasitomala anu osadziwa. Koma ngati ndi yapamanja ndithu, ya patani yatsopano, khumi zokha, mtengo wa pansi, ndiye kuti pali wina amene walipira kusiyanako, ndipo ndi mayi woluka uja. Kadole kakang'ono kamatenga maola angapo. Chotsani ulusi, thonje la m'kati, phindu la wogulitsa, muone chimene chatsalira zala zimene zinagwira ntchitoyo. Ife amene tili kunja kuno tikudziwa kuwawa kwa kugwira ntchito tsiku lonse n'kulandira zosakwana, chifukwa choti bwana akudziwa kuti ulibe kolowera. Sizingakhale bwino kuti tikapeza kampamba, ifenso tikhale ofinya anzathu amene sitidzawaona nkhope.

Chodandaula chimene ndikuchilemekeza kwambiri ndi cha mpamba. Ndi zoona, zidole 300 zosagulika ndi ndalama ya lendi ndi ya sukulu ya ana kumudzi itagona m'makatoni pansi pa bedi. Pa chifukwa chimenechi, munthu asatenge katapila kuti akwanitse MOQ. Yambani mwayesa msika ndi zinthu zopangidwa kale, zopikula zochepa, muone chimene anthu akutola ndi mtengo umene akulolera. Mukatsimikiza, m'pamene gulu ngati lino limagwira ntchito. Chipereganyu timachidziwa, a kuno amati stokvel, ndipo mutu umodzi susenza denga. Anthu asanu atagwirizana patani imodzi ndi mitundu iwiri, aliyense n'kutenga 60, MOQ ya 300 yakwana popanda wothyoka msana. Koma mgwirizano ulembedwe: ndani akuyankhula ndi fakitale, ndani akusunga malisiti, zowonongeka tigawana bwanji. Malipiro ozolowereka ndi 30 peresenti poyamba, 70 peresenti katundu akatha, ndipo yomalizayo musatumize musanaone zithunzi ndi mavidiyo a katundu weniweni pambali pa sampulo. Lipirani kudzera mu Trade Assurance ya Alibaba yomweyo, osati ku akaunti ya munthu amene wakukokerani pambali.

Ena mwafunsa kuti, bwanji osangopatsa ntchitoyi amayi a kwathu, ku Lilongwe, ku Blantyre, ku Mzuzu, kapena alongo athu oluka amene ali konkuno? Pa oda yaing'ono ya maonekedwe anuanu, ine ndikuti imeneyo ndiyo njira yabwino koposa. Mumayankhulana Chichewa, sampulo mumaikonza pa foni tsiku lomwelo, ndipo ndalama ikupita kwa anthu athu. Koma musaganize kuti kumeneko kulibe malire. Ulusi wambiri wa m'masitolo a kwathu ndi wochokera kunja, ndalama zakunja zikusowa, ndipo chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 mitengo siikhazikika. Mtundu umene waupeza lero ku Limbe mwina mwezi wamawa kulibe. Choncho gulani ulusi wonse kamodzi, wa nambala imodzi, mutumize pa basi, mupereke ndalama yoyambira, ndipo muwalipire amayiwo monga akatswiri, osati monga abale amene akungokuthandizani. Nawonso akakuuzani kuti sitingayambe patani yatsopano pa zinthu zitatu zokha, muwamvere, chifukwa zifukwa zawo ndi zomwe zija.

Amene mukufuna kuti tiphatikize oda, lembani pagulu pano chinthu chimene mukufuna, mtundu wa ulusi ndi chiwerengero chimene mungalipire popanda ngongole. Amene mukudziwa amayi oluka bwino, kwathu kapena konkuno, tumizani zithunzi za ntchito yawo, manambala awo mupereke kumbali akavomera eni ake. Tikaona ziwerengerozo tidzadziwa ngati ntchitoyi ndi ya fakitale kapena ya amayi athu.