Chitsulo chakumtsinje tisamachithamangire

Mwandipatsa mphindi zochepa, ndiye ndisazungulire.

Madzi akaphwa m'Revubwe, gombe limasiya zinthu poyera. Komanso anyamata athu ena ali ndi makina aja ofunira golide, amene amalira akamva chitsulo pansi. Koma makinawo sanena kuti apeza chiyani. Amangolira basi, kaya ndi msomali, kaya ndi ndalama yakale, kaya ndi bomba.

Ndiyambe n'kulakwa kwanga. Mdzukulu wanga anatola kandalama padooko pamene amayi amachapira. Ine, poyesa ndikuchita bwino, ndinakakwecha ndi mchenga ndi ndimu. Kanawaladi, koma chaka ndi zilembo zonse zinafufutika. Pakanaoneka mawu oti eskudo, tikanadziwa kuti n'kakale, metikali isanabwere mu 1980. Lero ndangotsala ndi kachitsulo kosalankhula. Choncho mukatola chotere, tsukani ndi madzi okha, pukutani ndi kansalu, kenaka musiye.

Nanga tingadziwe bwanji mtundu wa chitsulo? Onani mtundu wa dzimbiri lake. Chitsulo wamba chimachita dzimbiri lofiira, ndipo maginito amachigwira. Maginito musakagule, alimo m'sipika ya wailesi yakufa. Mkuwa umabiriwira ndipo maginito saugwira. Mtovu ndi wotuwa, wofewa, wolemera kuposa mmene ukuonekera. Katimpira ka mtovu kakhoza kukhala chipolopolo cha mfuti ya gogodela. Golide sachita dzimbiri. Mukapezanso zibuluma zakuda zobookabooka, zambiri pamalo amodzi, mwina pamenepo panali ng'anjo ya makolo athu Amaravi, amene makasu awo ankagulitsidwa mpaka ku Tete.

Tsopano mundimvetse bwino, makamaka inu makolo. Dziko lino linaona nkhondo ziwiri, ya ufulu kuyambira 1964 mpaka 1974, ndi ina ija imene inatha mu 1992. Mu 2015 boma linalengeza kuti malo onse odziwika a mabomba okwirira ayeretsedwa. Koma mawu ndi akuti odziwika. Madzi osefukira amakokolola zinthu n'kukazisiya pomwe panalibe kanthu. Chitsulo chooneka ngati chitini chotseka, chokhala ndi zipsepse kumchira, kapena chokhala ndi kamphete ndi waya, musachinyamule, musachimenye, musachiike pamoto. Bwererani mmene munadzera, ikani chizindikiro chapatali, kauzeni a mfumu ndi apolisi. Ana auzidwe zimenezi lero lomwe, popeza iwo ndi amene amatolera zitsulo kukagulitsa kwa a sukata.

Kwa a sukata komweko n'kumene mbiri yathu ikuthera. Amaika pasikelo, amakupatsani timametikali, basi chapita kukasungunulidwa. Kwa anzathu ku Zambia, pa Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene Lusitu amathira mu Zambezi, anthu okumba maziko a thanki ya madzi anapeza manda akale mu 1960. Munali mikanda ya golide, mawaya ndi mitanda ya mkuwa. Akatswiri atabwera anaona kuti anthu a m'chigwa cha Zambezi ankachita malonda ofika kunyanja yamchere zaka mazana angapo zapitazo. Akanati aike mitandayo pasikelo, bwenzi tikudziwa chiyani?

Lamulo liliponso, nambala 10/88 la chaka cha 1988. Limateteza zinthu zakale, ndipo wozipeza ayenera kukanena kwa akuluakulu a boma amene ali pafupi. Pokanena, tchulani malo enieni ndi zimene zinali pambali, monga mapale, mikanda kapena makala, chifukwa zimenezo ndi mboni zake. Musapitirize kukumba.

Pempho langa n'lakuti aliyense wa ife akafotokoze zimenezi pamudzi pake sabata ino, ndipo tipemphe a wailesi atipatse nthawi tizikambe pa pologalamu yathu. Kandalama kanga kaja ndabwera nako, kadutse m'manja mwa aliyense muone chimene mchenga unachita.