Kujambula Chimtali cha Azakhali Anga

(Zimene adayankhula mnzathu wojambula zithunzi pa msonkhano wa ophunzira akale a pa Mitundu Secondary School)

Ena mwa inu mukundikumbukira ngati mnyamata uja ankaimba ng'oma pa tsiku la magule, masamu akumulaka. Masamu adandilakadi, koma ng'omayo ndiyo yandithandiza pa ntchito yanga yojambula.

Nditamaliza Folomu 4 ndidagula kamera yakale ya Yashica n'kumayenda pa njinga kujambula maukwati, kuchokera kuno ku Mitundu mpaka ku Nathenje. Filimu imodzi inkatenga zithunzi 36, ndipo kotsukitsa kudali kutauni, choncho munthu sunkadina chisawawa. Ndinkangoimika anthu, kuyatsa fulashi, basi.

Mu 1994 kudali ukwati kumudzi kwathu, kufupi ndi Nathenje, ndipo azakhali anga ndiwo adatsogolera chimtali. Dera lonselo linkadziwa kuti mayi amenewo akalowa m'bwalo, oimba ng'oma amakhetsa thukuta. Ndidawajambula ndi fulashi. Chithunzi chidatuluka chowala bwino, mpaka maluwa a pa chitenje ankawerengeka. Nditakawapatsa adachiyang'ana nthawi yaitali, kenaka adati, "Iwe, apa ndikuvina kapena ndaponda minga?" Sadaname. Phazi lidali m'mwamba, kukamwa kuli yasa, koma gule mudalibemo.

Patapita miyezi ingapo, m'laibulale ina ku Lilongwe, ndidapeza magazini yokhala ndi zithunzi za Alexey Brodovitch, mkulu wina wochokera ku Russia amene adakakhazikika ku America. Pakati pa 1935 ndi 1937 iyeyu adajambula ovina ballet ndi kamera yaing'ono ya Contax, osayatsa fulashi, ndipo zithunzizo zidatuluka m'buku mu 1945. Poyamba ndidaseka, poti zidali zachimbuuzi ngati zojambula munthu woledzera. Koma nditayang'anitsitsa ndidaona kuti mikono ndi madiresi zasanduka ngati utsi, ndipo anthuwo akuzunguliradi pa pepalapo. Chimene azakhali adachisowa m'chithunzi changa chidali pamenepo.

Kamera ili ndi kachitseko kotchedwa shata, kamene kamaphethira ngati chikope. Kakaphethira msanga, monga pa 1/500 ya sekondi, chilichonse chimauma pomwe chili. Brodovitch ankakachedwetsa, nthawi zina mpaka 1/5 ya sekondi, kotero kuti chilichonse choyenda chinkasiya mzere.

Komatu kuchedwetsa shata kokha sikukwanira, chifukwa nkhope nayonso imafufutika, ndipo chimwemwe cha wovina chimakhala pankhope. Apa m'pamene ng'oma ija idandipulumutsa. Mayi wodziwa chimtali amagwiritsa ntchito chiuno ndi mapazi, koma pali kamphindi kena, ng'oma ikamatembenuka, pamene mutu wake umaima nji thupi likupitiriza. Kamphindi kameneka ukakadikira ndi maso umachedwa. Umayenera kukamva ndi khutu kasanafike, chala n'kudina pamodzi ndi dzanja la woimba.

Ndidayesa mu 1995, pa ukwati wina, dzuwa likukalowa. Ndidatsamira mtengo wa mango kuti manja asanjenjemere, shata pa 1/15, ndipo filimu yonse ndidathera azakhali okha. Akwati adadandaula, ndipo sadalakwe. Wotsuka zithunzi kutauni adandibwezera negetivi akuti kamera yanga yafa. Ndidachita kumupempha kuti asindikize zonse, ndilipira. Pa 36 paja zabwino zidali zitatu. Pa chimodzi mwa izo nkhope ya azakhali ikuoneka yonse, maso atatsinzina pang'ono, akumwetulira ngati munthu amene ali yekha, pamene chitenje cha m'chiuno changokhala mkuntho. Atachiona sadayankhule kanthu. Adangochikulunga m'mpango, osalipira.

Njira yomweyi ndaigwiritsa ntchito pa Gule Wamkulu, kumene fumbi la m'bwalo limathandiza zedi dzuwa likakhala kumbuyo kwa chilombo, ndipo ng'oma yomvetsera ndi mbalule. Koma kumeneko kamera siitulutsidwa usanaonane ndi amfumu ndi atsabwalo, kudambwe sikujambulidwa, ndipo fulashi ndidaisiyiratu. Chilengezereni a UNESCO mu 2005 kuti guleyu ndi chuma cha dziko lonse lapansi ojambula achuluka, ndipo masiku ano pafupifupi aliyense amabwera ndi foni. Ndimaona achinyamata akufufuta zithunzi za m'foni pomwepo m'bwalo, ati zabalalika. Ana anu akamatero, auzeni ayambe ayang'ana kawiri.

Azakhali adatisiya mu 1998. Maliro atatha, asuweni anga adapeza chithunzi chija m'sutikesi, chikadali m'mpango womwe uja, pamodzi ndi khadi la kumpingo. Cha fulashi chija sitidachipeze. Lero andibwereka chakecho, ndipo chili pa tebulo kumbuyoko. Pochiona gwirani m'mphepete chonde, chifukwa negetivi yake idadyedwa ndi chiswe.