Nyamakazi ya Ana ndi Nchito ya Mphunzitsi wa Kumudzi

Mau olankhulidwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Chadiza

Anthu ambiri ayesa kuti nyamakazi ndi nthenda ya nkhalamba zokha. Zoonadi, m'midzi ya Amfumu Zingalume, Mlolo ndi Mwangala muli agogo ambiri odandaula ndi maondo ndi ziuno, makamaka m'nyengo ya cisanu. Nyamakazi yaoyo ibwera cifukwa cicereŵecereŵe ca m'mfundo za mafupa caperepeseka ndi ukalamba, khasu ndi akatundu olemera. Imeneyi siicira konse, koma kuyenda pang'ono tsiku ndi tsiku, kuthowa ndi madzi ofunda, ndodo ndi mankhwala a kucipatala zicepetsa ululu wace.

Koma iliponso nyamakazi ina yogwira ana a zaka 5 kufikira 15, ndiwo amene akhala pamaso pa mphunzitsi tsiku lonse. Madotolo aicha rheumatic fever. Iyi ndiyo yoopsa, pakuti kutupa kwa mfundo kutha msanga, koma cilema cimene isiya mumtima cikhalitsa moyo wonse.

Ciyambi cace ndi zilonda za pakhosi zobwera ndi tizilombo tochedwa streptococcus. Tizilomboti tifala ndi malobvu, makamaka pamene ana apanikizana m'cipinda cosapita mphepo. Mwana atentha thupi, amva kuwawa pomeza, anabere atupa m'khosi, ndipo kawirikawiri alibe cifuwa kapena cimfine. Pakhosi papola pokha m'masiku ocepa, ndipo makolo aiwala. Koma mwa ana ena thupi, polimbana ndi tizilombo tija, lisokera ndi kuyamba kudziononga lokha. Atapita masabata 2 kapena 3 bondo litupa ndi kutentha. Likayamba kuphwa, ululu usamukira ku kakolo, kenaka ku cigongono. Pamene makolo ali kuyang'ana mwendo, nthendayo ili kudya zitseko za m'kati mwa mtima. Ikabwereza kawiri kapena katatu, zitsekozo ziuma kapena sizitseka bwino, ndipo mnyamata wa zaka 20 apuma movutika pokwera kamtunda, kapena mtsikana akhala pangozi potenga pakati.

Nthendayi siili kutali. Mu 2018 madotolo a ku University Teaching Hospital ndi anzao anafalitsa zimene anapeza atapima mitima ya ana a sukulu oposa 1,000 mu Lusaka: pafupi ana 12 mwa 1,000 anali ndi mtima woonongeka motere. Caka comweco msonkhano waukulu wa World Health Organization ku Geneva unapangana kuti maiko onse alimbane nayo.

Tsono mphunzitsi acitepo ciani? Poyamba, asapeputse zilonda za pakhosi. Mwana wotentha thupi ndi wolephera kumeza apite ku kiliniki tsiku lomwelo kapena m'mawa mwace. Mankhwala ace ndi penisilini, amene Alexander Fleming anatulukira ku London mu 1928. Apatsidwa mwa jekeseni imodzi kapena mwa mapiritsi a masiku 10. Mwana amve bwino pa tsiku lacitatu, komabe amalize mapiritsi onse, ndipo mphunzitsi amfunse m'mawa uliwonse poitana maina.

Caciwiri, mphunzitsi akhale ndi maso pa mwana wotsimphina. Asafulumire kunena kuti wabvulala pa mpira, kapena kuti ndi waulesi wothawa nchito ya m'dimba la sukulu. Afunse ngati pakhosi panawawa mwezi wathawo. Aletse makolo mwaulemu kutema mphini pa bondo lotupa, kapena kugula mapiritsi ku golosale, pakuti mapiritsiwo abisa zizindikiro zimene dotolo afuna kuona. Mfundo imodzi yotentha kwambiri, imene mwana akana kuikhudza, ingakhale ndi mafinya m'kati. Imeneyo isagonetsedwe pamudzi. Kiliniki ikalephera, cipatala ca boma ku Chadiza cilipo, ndiponso St Francis ku Katete ndi cipatala cacikulu ku Chipata.

Cacitatu ndi cizindikiro cimene mphunzitsi angacione makolo asanacione. Mwana amene anali kulemba bwino ayamba kukhotetsa zilembo, agwetsa pensulo, manja ndi nkhope zigwedezeka iye asanafune, ndipo alira msanga. Izi zioneka kwambiri pa atsikana, nthawi zina itapita miyezi ingapo pakhosi patapola. Thomas Sydenham anafotokoza kugwedezekaku mu 1686. Si mwano, si ziwanda ai. Ndi nthenda yomweyo itafika ku ubongo. Mwana wotere afunika kalata ya kucipatala, osati cilango.

Potsiriza, mwana amene anadwalapo kale ayenera kulasidwa jekeseni ya penisilini masabata 3 kapena 4 alionse kwa zaka zambiri, kawirikawiri kufikira atakula. Jekeseniyo iwawa, njira ndi yaitali, ndipo m'dzinja mitsinje idzala. Cotero ambiri aleka. Mphunzitsi alembe tsiku la jekeseni m'buku la maina, amlole mwanayo kupita osamlemba kuti wajomba, ndipo tsikulo likaphonyeka aceze ndi makolo ace.

Akulu anati, papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Zilonda za pakhosi zicizidwa m'masiku 10 pa kiliniki ya pafupi. Citseko ca mtima cikaonongeka cifuna opaleshoni imene mabanja ambiri a kumudzi sangaifikire.