Pompi ya pamsika ndi ya ndani? Mau kwa amalonda a Chipata ndi Chipangali

Tidziwa kuti ola limodzi la wamalonda ndi ndalama, ndiye sitidzazungulila. Ena mwachokela ku Kapata, ena ku Saturday Market, ena mwabwela panjinga kuchokela ku Mgubudu ndi midzi ina ya Chipangali, kumene kumachokela tomato, nshawa ndi chimanga zimene timagulitsa m'tauni. Lelo tikambe za madzi.

Malonda anu onse amayamba ndi madzi. Amai a repu ndi chiwawa, mukapanda kuwaza madzi, pofika masana ndiwo zafota ndipo kasitoma wapita pa thebulo lina. Amai ophika nsima, mutsuka mbale ndi chiyani? A thobwa ndi munkoyo, a vitumbuwa, a mu buchala, a mu saluni, nonse mumawelenga chigubu musanawelenge phindu. Ndiye funso lakuti madzi ndi a ndani likukhudzani inu kuposa munthu wa mu ofesi.

Tiyeni tichite masamu a pamsika. Chigubu chimodzi ndi malita 20. Malita 1,000 ndi zigubu 50. Tingoyelekeza kuti chigubu chikafika pa thebulo lanu, kuphatikiza ya mnyamata wa wilibala, mwalipila K2. Ndiye kuti malita 1,000 mwagula K100. Manje kafunseni munthu amene ali ndi pompi m'nyumba ku mayadi kuti bilu yake imati bwanji pa malita 1,000 omwewo. Mudzapeza kuti wosauka, amene amanyamula madzi pamutu, ndiye amalipila mtengo waukulu.

Madzi a m'mapaipi a mu Chipata amachokela kwambili ku damu ya Lutembwe, ndipo amene amawayendetsa ndi Eastern Water and Sanitation Company. Ambili amaganiza kuti kampaniyi ili ndi bwana wina amene anaigula. Iyayi. Eni ake ndi makanselo a m'chigawo chino cha kum'mawa, ndipo kanselo ndi yanu, chifukwa khansala mumamusankha ndinu. Lamulo la madzi la mu 1997 ndilo linapatsa makanselo njila yopanga makampani otele, ndiponso linakhazikitsa NWASCO, bungwe limene limapeleka malaisensi ndi kuvomeleza mitengo ya madzi. Tanthauzo lake ndi ili: lelo lino, paipi imene ipita pansi pa msika wanu ndi katundu wa anthu. Muli ndi mphamvu yofunsa za iyo.

Tikambe chilungamo. Palibe amene walengeza kuti Eastern Water igulitsidwa mawa. Koma akulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Dziko lathu linalephela kubweza nkhongole mu November 2020, ndipo mu 2022 linalowa m'pangano ndi IMF. Dziko likakhala pa nkhongole, nyimbo imakhala imodzi: boma lilibe ndalama, mitengo ikwele, abwele a mabizinesi athandize. Mseu wa Lusaka kupita ku Ndola unapelekedwa kale kwa kampani kuti iumange ndi kutolela ndalama pa matolgeti m'pangano la zaka 25. Za mseu mungatsutsane, chifukwa munthu angakhale mwezi wathunthu osapita ku Ndola. Nanga ndani angakhale masiku atatu osamwa madzi? Wogulitsa tomato akakweza mtengo, mumapita pa thebulo lina. Paipi ya madzi m'komboni imakhala imodzi chabe. Amene waigwila, wagwila khosi la onse.

Ife a ku Chipata za kugulitsa makampani a boma sitimvela pa wailesi. Achikulile pano akumbukila fakitale ya njinga imene inali kupatsa anthu nchito m'tauni muno. Ili kuti lelo? Njinga mungagule ya kunja, koma madzi a kunja kulibe.

Njila iyi inayesedwa kale. Ku Copperbelt, pamene migodi ya ZCCM inagulitsidwa mu 2000, madzi a m'makomboni a migodi anapatsidwa kwa kampani ya ku France yochedwa SAUR kuti iwayendetse kuyambila mu 2001. Pangano litatha, nchitoyo inabwelela ku kampani ya makanselo, Nkana Water. Ku Dar es Salaam, madzi anapelekedwa mu 2003 kwa kampani ya City Water, imene munali Biwater ya ku Britain. Mu 2005 boma la Tanzania linathetsa panganolo, likunena kuti zimene analonjeza sizinachitike, ndipo nkhani inakathela ku makhoti a kunja. Ku Cochabamba, m'dziko la Bolivia, kampani imene munali Bechtel ya ku America inatenga madzi a mzinda, mabilu anakwela kwambili, anthu analowa m'miseu mu 2000, mnyamata wina anaphedwa, ndipo pangano linafafanizidwa. Olo mzinda wolemela wa Paris unabweza madzi ake m'manja mwa kanselo mu 2010.

Amene afuna kuti madzi apite kwa a mabizinesi ali ndi mfundo zao, ndipo tiyenela kuzimva. Iwo akuti mapaipi ndi akale, mapampu afuna malaiti a Zesco, mankhwala oyeletsa madzi ndi odula, ndipo makampani a makanselo alibe ndalama. Zonsezi n'zoona. Malipoti a NWASCO amaonetsa kuti m'dziko lonse, pafupifupi theka la madzi amene makampaniwa amapopa silibweletsa ndalama: ena amatayika m'mapaipi obooka, ena amabedwa, ena salembedwa pa mita. Koma funsani kuti ndani ali ndi nkhongole zikuluzikulu za madzi. Kwa zaka zambili makampani a madzi akhala akudandaula kuti maofesi a boma amachedwa kulipila mabilu ao. Amai a m'komboni akachedwa, amawadulila. Ofesi ya boma ikachedwa, amailembela kalata. Thumba likabooka, wamalonda wanzelu amalisoka, sagulitsa thebulo. Ndipo kumbukilani kuti kampani ya bizinesi ikaika ndalama zake m'mapaipi, idzafuna kuzibweza ndi phindu pamwamba. Phindulo lidzachoka m'chitenje mwanu.

Chipani chathu chikuti madzi ndi ufulu wa munthu aliyense. Tikati ufulu, sitikukamba kuti aliyense azitsegula pompi usiku wonse kwaulele. Wotsuka magalimoto, wa loji, wa fakitale, alipile mokwanila. Tikukamba kuti madzi oyamba, akumwa, ophikila ndi osamba, asamanidwe munthu chifukwa ndi wosauka. Pa 28 July 2010, msonkhano waukulu wa United Nations unavomeleza kuti madzi abwino ndi ukhondo ndi ufulu wa chibadwidwe. Maiko 122 anavota kuti inde. Zambia inali pakati pa maiko 41 amene anangokhala chete, osavota mbali iliyonse. Muyezo umene akatswili a mabungwe a United Nations amagwilitsila nchito ndi womveka: malita 50 mpaka 100 pa munthu pa tsiku, ulendo wokatunga usapitilile mphindi 30, ndipo ndalama ya madzi isapitilile K3 pa K100 iliyonse imene banja lipeza. Yezani nyumba yanu ndi muyezo umenewu, muone pamene muli.

Tinali ndi mwai wolemba ufulu umenewu m'malamulo aakulu a dziko. Mukumbukila pa 11 August 2016, pepala lija la diso ndi khutu? Mu Bill of Rights imene tinafunsidwa tsiku lija munali ufulu wa madzi aukhondo ndi zimbudzi zoyenela. Mwa mavoti amene sanaonongeke, oposa 7 pa 10 alionse anali a diso, kutanthauza inde. Koma chiwelengelo sichinafike theka la onse oyenela kuvota, ndiye zinagwa. Funso lija linaikidwa tsiku limodzi ndi masankho, ndipo linamila m'phokoso la ndale. Mpaka lelo, Bill of Rights yathu siikamba za madzi. Ku South Africa, ufulu wa madzi okwanila unalembedwa m'malamulo ao aakulu, ndipo mu 2001 anayamba ndondomeko yopatsa banja malita 6,000 pa mwezi kwaulele. Nawonso ali ndi mavuto ao, koma munthu wa kumeneko ali ndi ndime ya lamulo yoimapo akapita ku khoti.

Madzi akasowa, oyamba kulangidwa ndinu. Mu January 2018, kolela itabuka ku Lusaka, asilikali anatumizidwa m'miseu, misika inatsekedwa, amalonda a m'mbali mwa mseu anathamangitsidwa, ndipo ku Kanyama kunabuka chipolowe. Kolela imene inayamba mu October 2023 inapha anthu oposa 700 m'dziko lino, bwalo la Heroes Stadium linasanduka chipatala, ndipo masukulu anachedwa kutsegulidwa. Nthawi zonse chala chimaloza wogulitsa chakudya, ati ndi wauve. Koma munthu asamba bwanji m'manja pamene palibe pompi? Levi mumalipila tsiku lililonse. Pa chimbudzi mumalipilanso. Ngati msika ukutolela ndalama, madzi ayenela kukhala chinthu choyamba chimene ndalamazo zigula.

Manje tibwele ku Chipangali. Boma ili ndi latsopano, linapatulidwa ku Chipata mu 2018. Anthu ambili kumeneko amadalila mijigo, zitsime ndi madambo. Chilala cha mu 2024, chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 February kuti ndi tsoka la dziko lonse, chinationetsa mmene zitsime zimaumila msanga. Kumene mapaipi a anthu sanafike, madzi amagulitsidwa kale mwakachetechete: amene ali ndi ndalama amakumba mjigo wake, amaika thanki, ena onse amagula kwa iye. Sitimunyoza munthu ameneyo, nthawi zambili ndiye amapulumutsa anzake. Koma boma lonse silingadalile chifundo cha munthu mmodzi. Chipangali ikukula, misika ikukula, ndipo mapaipi ambili akali kudzaikidwa. Nthawi yofunsa kuti adzakhala a ndani ndi ino, simenti isanaume.

Ndalama zoyambila zilipo. CDF inakwezedwa kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwensi iliyonse mu 2022, ndipo yakhala ikukwelabe. Ife otsutsa sitikana kuti kukweza kumeneku ndi chinthu chabwino. Funso lathu ndi lakuti pa ndalamazo, zingati zafika pa pompi ya pamsika wanu, ndipo mjigo ukafa, ndani ali ndi udindo woukonza?

Zimene chipani chathu chikuimilila ndi izi. Choyamba, ufulu wa madzi ndi ukhondo ulembedwe mu Bill of Rights, ndipo referendamu yake ichitike pa tsiku lakelake, anthu ataphunzitsidwa m'chinenelo chao. Chachiwili, Eastern Water ndi makampani ena a madzi akhalebe a makanselo, ndipo pangano lililonse ndi kampani ya bizinesi liwelengedwe poyela lisanasainidwe. Chachitatu, madzi oyamba a banja lililonse akhale pa mtengo wotsika kwambili, ndipo wa pa kiosiki asalipile kuposa wa ku mayadi. Chachinai, maofesi a boma azilipila mabilu ao a madzi pa nthawi yake, monga mmene inu mumalipilila levi. Chachisanu, msika uliwonse umene kanselo itolelapo levi ukhale ndi pompi yotuluka madzi ndi chimbudzi chaukhondo.

Inunso muli ndi nchito, ndipo siifuna khadi la chipani. Komiti yanu ya pamsika itenge kabuku, mulembe masiku amene madzi sanatuluke ndi ndalama zimene mwagula zigubu mwezi wonse. Kabuku kameneko mupite nako kwa khansala ndi ku komiti ya chitukuko ya wadi yanu, kumene zopempha za CDF zimayambila. Mukamva kuti pali msonkhano wokambilana mitengo yatsopano ya madzi, pitani ambili, mukhale kutsogolo, mufunse. Dandaulo likakanika ku kampani, NWASCO ilipo kuti ilimve. Munthu mmodzi angabwezedwe pa geti, koma mutu umodzi susenza denga, ndipo msika wonse ukabwela pamodzi, mipando imapezeka.

Ndipo aliyense wobwela kudzapempha voti yanu, olo ndi wa chipani chathu, musamulole kupita atangosiya chitenje. Mufunseni pamaso pa anthu: pompi ya pamsika uno idzakhala ya ndani, idzatuluka liti madzi, ndipo chigubu chidzakhala zingati? Yankho lake mulilembe m'kabuku komweko, ndi tsiku lake.

Bwelelani ku mathebulo anu, makasitoma akudikila. Mulungu adalitse malonda anu.